Mwana watsamwa mtedza: tichite bwanji kuti okosijeni asatsike?

Nabanda (namwino, Dedza): Akuluakulu, tithandizane nzeru. Mwana wa zaka 2, makilo 11, anatsamwa mtedza dzulo madzulo. Akutsokomola, ndipo phapo lakumanja mpweya ukulowa pang'ono. Sat (muyeso wa okosijeni m'magazi) ili pa 90, tikamuika ma prong (timachubu ta okosijeni ta m'mphuno) ikufika 95. X-ray sikuonetsa mtedza. Tikumutumiza ku KCH (Kamuzu Central Hospital, ku Lilongwe). Panjira tichenjere ndi chiyani?

AJere (wogonetsa odwala pa opaleshoni, Ntcheu): X-ray isakunamizeni mayi, mtedza suoneka. Yang'anani ngati phapo lina lafufuma kuposa linzake. Mtedza ukakhala mu bronchus (njira ya mpweya yolowa m'phapo limodzi) umagwira ngati valavu, mpweya ukulowa koma osatuluka. Ndiye mukagwira Ambu bag (chipangizo chopumitsira wodwala ndi manja) n'kumapopa mwamphamvu, phapolo limangofufumabe mpaka kuboola, basi pneumothorax (mpweya kudzaza m'chifuwa kunja kwa phapo). Bola akupuma yekha, musiyeni apume. Akhale pamiyendo pa amayi ake momwe wakondera. Musamugoneke mokakamiza kapena kumuliza, chifukwa polira mtedza ungakwere mu trachea (njira yaikulu ya mpweya) n'kutseka mapapo onse awiri. Asadye, asamwe. Cannula (kachubu kolowetsa mumtsempha) abaye wodziwa, kamodzi kokha.

APhiri (clinical officer): Bwanji osayamba tamumenya pamsana, mwina ungatuluke?

AJere: Ayi achimwene, mwana amene akutsokomola bwino sitimumenya, ndipo chala m'kamwa musapise. Izo ndi za pamene wasowa mawu, wayamba kuda milomo: kumenya ka 5 pamsana, kukankha ka 5 pamimba poti wapitirira chaka. Zikakanika, tengani laryngoscope (chida choonera m'kati mwa khosi). Mtedza ukaoneka pamwamba pa ma cords (timinofu totulutsa mawu pakholingo), kokani ndi Magill (chopanira chopindika). Ukakhala pansi, lowetsani chubu muukankhire mu bronchus imodzi, phapo linalo lipume.

Nabanda: Nanga silinda ya okosijeni?

APhiri: Werengerani musananyamuke. Ya size E yodzaza imasunga malita pafupifupi 680. Pa malita 2 pa mphindi ikukwanani maola 5, koma mukasinthira ku mask pa malita 10 yatha pa ola limodzi ndi mphindi zochepa. Dedza mpaka Lilongwe ndi makilomita oposa 80, kuonjezapo mizere ya magalimoto mumzinda. Tengani ziwiri. Sakishoni (makina oyamwa malovu ndi mamina), Magill ndi cannula yaikulu zikhale pafupi ndi dzanja. Sat ikagwa mwadzidzidzi ndipo mbali ina ya chifuwa yangoti zii, ibayeni ndi cannula yaikuluyo pakati pa nthiti yachiwiri ndi yachitatu, pamzere wotsika pakati pa clavicle (fupa lochokera pakhosi kufika paphewa).

AJere: Ndionjezeko za patebulo la opaleshoni, poti ambiri timadutsa m'zipatala zazikulu. Mwana amadya okosijeni wokwana 6 mpaka 8 ml pa kilo pa mphindi, kuwirikiza kawiri wamkulu, pomwe mapapo ake amasunga wochepa. Uyu akupumira phapo limodzi, ndipo njira ya mpweya yomweyo mukulimbirana ndi bronchoscope (scope, chubu chomwe dokotala amaonera ndi kutulutsira mtedza). Masekondi ochepa sat yagwa. Mugonetseni pang'onopang'ono ndi mankhwala ogonetsa opumira, sevoflurane kapena halothane, akupuma yekha, koma agone mokwanira. Akagona mwapamwamba ndi pomwe amatsokomola, kholingo n'kutsekeka. Lignocaine (mankhwala ochititsa dzanzi) wopopera pa ma cords asapitirire 4 mg pa kilo. Kwa mwanayu ndi 44 mg, kapena kuti 2.2 ml ya 2%. Apa anthu amapyola muyeso osazindikira.

Gwirizanani ndi dokotala musanayambe kuti sat ikafika 90 aima, abweza scope mu trachea, atseka kumbuyo kwa scope, inu mupumitsa mwana. Musadikire 80, makina amachedwa kuonetsa. Mtima ukatsika, vuto ndi okosijeni. Yambani mwakonza zimenezo, atropine (mankhwala ofulumizitsa mtima) wa 0.02 mg pa kilo azibwera pambuyo.

APhiri: Choopsa china ndi potulutsa. Mtedza wagona m'phapo umafewa, umanyenyeka, ungapulumuke pa chopanira (forceps) n'kutsakamira pansi pa ma cords. Dokotala aubwezere mbali yomwe unachokera, osati phapo labwinolo. Mafuta ake amatupitsanso njira, choncho dexamethasone (mankhwala ochepetsa kutupa) aperekedwe, ndipo usiku woyamba mwana agone pomwe pali okosijeni ndi womuyang'anira.

Nabanda: Zikomo akuluakulu. Masilinda awiri akwera kale, ndawaimbiranso a KCH kuti akonzeke. M'kalata ndalemba nthawi yomwe anatsamwa ndi yomwe anamwa phala komaliza.