Gitala ya zingwe 7, ndigule Ibanez kapena Jackson abale?

Moni nonse akuluakulu a magitala, ndithandizeni nzeru. Ine ndili kuno ku Chitakale, Mulanje, ndimaimba lead mu bandi ya kutchalitchi kwathu komanso m'maukwati. Mnyamata wathu wa besi anapita ku Joni ndiye nyimbo zikungomveka zopepuka, pansi palibiretu kanthu. Ndaganiza zogula gitala ya zingwe 7 chifukwa cha chingwe chake chowonjezera cha B, cha mawu a pansi, kuti ndizigwirako mabesi pang'ono uku ndikuponya lead.

Achimwene anga akubwera December kuchokera ku Johannesburg, anditumizira zithunzi pa WhatsApp za Ibanez RG7421 ndi Jackson JS22-7. Ibanez sikelo yake (kutalika kwa gawo la chingwe limene limalira) ndi mainchesi 25.5, Jackson ndi 26.5, ndiye akuti yaitaliyo imathandiza kuti chingwe cha B chisamakhale lendelende koma ine zala zanga ndi zazifupi, ndikuopa kuti ma chord ngati F azindipweteka dzanja pofika nyimbo yachitatu. Amene munagwirapo zonse ziwiri, inchi imodziyo imamvekadi m'manja?

Mnzanga wina akuti ndingolumphira ya zingwe 8 yokhala ndi chingwe china cha F# pansi pa B, koma khosi lake lotambalala lija kwa ine ayi.

Chinanso chikundidetsa nkhawa ndi chinyezi chathu chino, chiperoni chikabwera gitala yanga yakale khosi linapindika mpaka zingwe zinakwera ngati waya woyanikira zovala. Iti mwa ziwirizi ingapirire? Nanga seti ya zingwe 7 imapezeka ku Limbe kapena ndiwauze achimwene abweretseretu mapaketi angapo?