Gulu la banja: tiwotchera pa chiyani Loweruka ku Senga Bay?

Azakhali: Mwaswera bwanji nonse. Loweruka tikhala anthu 30, pali mbuzi imodzi ndi chambo. Nkhuni kapena makala?

Malume: Makala, achemwali. Malawi a nkhuni amapsereza khungu la chambo mkati muli mosapsa. Nkhuni zipite ku mafuwa a nsima.

Alamu: Koma malume, pakhomo pali za mango zouma bwino, zimakometsa nyama.

Malume: Zoona alamu. Muzisonkhe padera, zikasanduka makala ofiira muziwola ndi fosholo n'kuthira m'mbaula. Za paini ayi, utomoni wake umalowa m'nyama.

Achimwene: Kambaula ka kukhitchini sikakwana. Tipeze mgolo wa malita 200, owotcherera zitsulo a pa Kamuzu Road ku Salima audule m'litali, aike miyendo yofika m'chiuno. Aboolenso mabowo m'mbali chakumunsi, apo ayi moto uzingozima.

Azakhali: Mgolo uliwonse, mwanangu?

Achimwene: Ayi azakhali. Wa mafuta ophikira. Wa petulo kapena wa mankhwala musayerekeze, umatha kuphulika podula. Lachisanu tiusonkhere moto waukulu penti yonse ipse, kenako tithire mchenga masentimita 5 pansi kuti chitsulo chisabooke msanga.

Malume: Waya wa mpanda wonyezimira uja asaikepo poika nyama, ukatentha umatulutsa utsi woipa. Zitsulo zakuda basi, zothinana kuti nthuli zisagwere pamoto, masentimita 15 pamwamba pa makala. Zikhale zochotseka.

Achemwali: Makala thumba limodzi lalikulu likwana. Ndigula kwa amene ali ndi chiphaso, enawa a zankhalango amalanda panjira. Ndisankha olemera, opepuka aja amangothetheka n'kutha.

Alamu: Nditenge parafini?

Achemwali: Iyayi alamu! Fungo lake silichoka pa nsomba. Mapulasitiki nawonso ayi. Zitsononkho ndi timitengo touma zikwana. Tidikire mphindi 25, makala ayere phulusa pamwamba.

Malume: Makala muunjike mbali imodzi, ina ikhale ya moto wochepa. Mafuta a mbuzi akadontha n'kubutsa malawi, sunthirani nyama kumeneko, osathira madzi. Mbuzi iyambe. Chambo muchicheke katatu mbali zonse, mchere ndi mandimu, zitsulo muzipake mafuta, ndipo chitembenuzidwe kamodzi kokha. Mbaula iime kuseri kwa khoma, mphepo ya kunyanja imamaliza makala.

Azakhali: Basi zatheka. Mtengo wa mgolo ndi owotcherera mutiuze pofika Lachitatu, tisonkherane.

Achimwene: Chabwino azakhali, ndipitako mawa m'mawa.