Andikaniza kugula mowa ati ndionetse kaye ID, ine wa zaka 33. Ndi lamulo limeneli?

Mayi_wa_ku_Chitakale:

Abale ndithandizeni maganizo chifukwa mpaka pano mtima sunakhale pansi. Loweruka lapitali kwathu kunali chinkhoswe cha mng'ono wanga, ndiye amalume anandituma kuti ndikatenge makreti awiri a giriini ndi botolo limodzi la Malawi Gin la ankhoswe akuchimuna, poti ndalama za komiti ndimasunga ndine. Ndakwera kabaza mpaka pa shopu ina yaikulu, sinditchula dzina, ndanyamula zonse pamodzi ndi shuga, mafuta ophikira ndi zakumwa za ana, kufika pa tilu mtsikana uja wayamba kudutsitsa katundu bwinobwino, atafika pa mowa basi waima, amvekere "asisi ID". Ine ndimayesa akufunsa za lisiti. Iye ayi, mukuoneka ang'ono, sindingakugulitseni mowa popanda chiphaso.

Ndine wamfupi ndipo thupi langa ndi laling'ono, zimenezo sindikana, kwathu tonse tili choncho. Koma ndili ndi zaka 33, ana atatu, woyamba ali Sitandade 7, ndipo tsiku limenelo wotsiriza anali kumbuyo. Chiphaso changa chinapita ndi kachikwama mu minibasi pochokera ku Limbe, ndikudikira china. Ndinamuonetsa chithunzi cha ID mu foni, wakana. Lipoti la kupolisi linali m'chikwama, wakana. Mpaka ndinatulutsa kabuku ka sikelo ka mwana, wangopukusa mutu. Abambo ena amene anali kumbuyo kwanga pa mzere, aimvi ndithu, anati mayi bweretsani ndalamazo ndikulipirireni ine, nawonso awakaniza ati ndiye kuti mukugulira mwana. Mwana ake uti? Chimene chinandiwawa kwambiri ndi mmene gadi anabwerera kudzachotsa botolo lija m'manja mwanga anthu onse akuyang'ana, ngati ndagwidwa ndikuba. Misozi inalengeza, ndinangolipira shuga ndi mafuta nkutuluka.

Mowawo anakagula ndi mnyamata wa kabaza uja pa botolo sitolo ina chapafupi, mwana woti ndinamuona akukwawa, palibe anamufunsa kanthu. Ndiye funso langa, kodi lamulo limanena kuti munthu aliyense azionetsa ID pogula mowa? Nanga bwanji ku Limbuli tsiku la msika ana ovala yunifomu amagula timabotolo tija masana dzuwa likuswa mtengo, wowafunsa palibe?

Wa_pa_tilu_Luchenza:

Asisi pepani kwambiri, zoti gadi akulandeni botolo pagulu zija zinalakwika ndipo palibe angaikire kumbuyo. Koma ndikufuna mumvenso mbali yathu ife ogwira pa tilu. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, silinena kuti aliyense azionetsa chiphaso, koma mwana akapezeka wagula, amene amafunsidwa ndi wogulitsa osati mwanayo. Shopu ili ndi layisensi yoti itha kulandidwa, ndipo bwana akaona pa kamera kuti wagulitsa kwa munthu wokayikitsa sakufunsa kawiri, mawa lake ntchito yatha, ndiye mukudziwa mmene ntchito zikusowera. Mtsikana ameneyo mwina anachenjezedwa mmawa womwewo. Ife timauzidwa kuti ukakayika funsa, ndipo ukafunsa usabwerere mmbuyo ngakhale kasitomala akalipe bwanji.

Za mwana kumbuyo zija musakhumudwe nane, koma kuno ku Thyolo ndi Mulanje si umboni ayi. Ndimaona atsikana a zaka 15, 16 atabereka ana kumbuyo tsiku ndi tsiku, chitenje ndi duku ngati mayi wamkulu. Chithunzi cha mu foni nachonso sitilandira chifukwa ana amajambula ma ID a akulu awo. Chimene ndikuona kuti analakwitsa ndi kusaitana manijala msanga kuti akuoneni yekha nkugamula, ndi kuyankhula mokweza. Zinthu izi umanena motsitsa mawu munthu osachita manyazi.

Aphunzitsi_opuma_Nkando:

Mwana wanga, ndamva kuwawa kwako ndipo funso lako lomaliza lija ndi limene landikhudza. Ndaphunzitsa zaka zambiri m'sukulu za kuno ndipo ndinaona ndi maso anga nthawi ya masacheti. Mnyamata wa Sitandade 8 amalowa m'kalasi ndi tiwiri titatu m'thumba la kabudula, nthawi ya buleki kuseri kwa chimbudzi, pobwera maso ali psuu, ukamufunsa funso angokuyang'ana. Mtengo wake unali wofanana ndi wa mandasi. Boma litaletsa masacheti mu 2015 tinapumira mmwamba, koma mowa womwewo unangosintha chovala nkulowa m'timabotolo ta pulasitiki, wina umadutsa pa Muloza kuchokera ku Milange pa njinga, ndipo kachasu ndiye sanachokepo m'midzi. Mu 2017 malamulo a dziko anasinthidwa kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, chaka chomwecho kunatuluka ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Zolembedwa zilipo zambiri.

Vuto ndi lakuti mwana wa sukulu sapita ku shopu yaikulu ya magalasi kukagula kreti ya giriini, alibe ndalama imeneyo. Amapita pa okala, pa benchi, kapena kwa mayi wotcheza kuseri kwa msika, kumene wogulitsa amamudziwa dzina ndi makolo ake omwe koma amalandirabe ndalama. Ndiye kukhwimitsa konseku kwagwera pamalo pamene ana safikapo. Ine sindikuti ashopu asiye kufunsa, afunse ndithu, ndikadakonda kuti aliyense wogulitsa mowa kuchokera pa Boma mpaka ku Likhubula azifunsa. Koma a khonsolo amene amapereka malayisensi ndi mafumu athu ayende m'misika masiku a malipiro a ku ma esiteti a tiyi, aone okha amene akumwa pofika 4 koloko madzulo. Ndipo ife makolo tisiye kutuma ana kukatigulira mowa. Mwana amene wazolowera kunyamula botolo la abambo ake, tsiku lina amalawa panjira, ndawaona ambiri anayamba choncho.

mlomwe_wa_ku_Leeds:

achemwali pepani, koma zimenezi kuno ku UK ndi za tsiku ndi tsiku moti tinazolowera. zaka zogulira mowa ndi 18 ngati kwathu komweko koma mashopu ambiri amatsatira chimene amati Challenge 25, kutanthauza kuti ukamaoneka ngati sunakwane 25 akufunsa chiphaso basi, ndipo amafuna pasipoti kapena layisensi yoyendetsera galimoto yeniyeni osati chithunzi. ukakhala ndi wachinyamata pambali nkukayikira kuti ukugulira iyeyo atha kukukanizanso, chifukwa kugulira mwana mowa ndi mlandu, wogulitsanso amalipitsidwa chindapusa payekha. ine ndili ndi zaka 40 koma chaka chatha anandifunsa. kusiyana kwake nkoti kuno pamakhala chikwangwani pakhomo ndi pa tilu pomwe ndiye umadziwiratu usananyamule katundu, komanso palibe amakulanda chinthu m'manja, amangoika pambali mwakachetechete. mashopu akwathu akutengera lamulo koma ulemu wake akuusiya. komanso kwathu ma ID angoyamba mu 2017, anthu ambiri amasunga mu sutikesi kuopa kutaya, amatulutsa pokagula feteleza wotsika mtengo kapena kubanki basi, sungayembekeze kuti mayi wopita kukagula za chinkhoswe wayenda nacho

Mayi_wa_ku_Chitakale:

Zikomo nonse. Asisi a ku Luchenza, za atsikana obereka ali ang'ono zija mwanena zoona, sindinaganize choncho, m'mudzi mwathu momwemo alipo angapo ndipo zimandimvetsa chisoni. Mtsikana wa pa tilu uja ndamukhululukira, mwina nayenso amaopa bwana wake. Koma za gadi zija ayi, Lachitatu ndikupita kukaonana ndi manijala, ndikamuuze kuti aike chikwangwani pakhomo komanso aphunzitse anyamata ake kugwira anthu mwaulemu, chifukwa pa mzere paja panali amayi a kumpingo kwathu awiri ndipo nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike, yasanduka yoti ndagwidwa ndi botolo m'shopu. Apongozi anga mpaka anandiitanira pambali pa chinkhoswe pomwepo.

Aphunzitsi, mawu anu aja otuma ana andilasa. Bambo a kunyumba amamutuma mwana wathu wa Sitandade 7 uja kukatenga chibuku Lamlungu lililonse madzulo, ndipo pamene amakagulapo sanamubwezepo ngakhale kamodzi. Ndakamba nawo usiku wathawu, poyamba anakalipa kuti nanga mwana ndi wa ntchito yanji, koma mapeto ake avomera kuti azipita okha. Pa msonkhano wa makolo kusukulu mwezi wa mawa ndikaidzutsa nkhani ya okala amene ali pafupi ndi geti uja, ngati alipo wina wa ku Chitakale pano amene ana ake amaphunzira komweko tiyeni tikayankhule limodzi, ndekha andiona ngati wokonda milandu.