Tafukula achule otetezedwa pochotsa dothi la dizilo ku Midrand

Moni abale ndi alongo muno mu Joni. Tikuchotsa dothi lomwe linathiridwa dizilo pamalo oimikapo magalimoto akuluakulu ku Midrand, m'mphepete mwa dambo. Lachiwiri pokumba tinafukula achule atatu akuluakulu aja a giant bullfrog, amene amabisala pansi chilimwe chonse kudikira mvula. Mmodzi anafa ndi katapila, zinandimvetsa chisoni.

Abwana aimitsa ntchito, akuti achulewa ndi otetezedwa ndipo lamulo loteteza zamoyo zachilengedwe la NEMBA la 2004 limafuna chilolezo. Ndaimba foni ku ofesi ya zachilengedwe katatu, imelo ndatumizanso, koma kuli zii. Katswiri amene tinamupeza watchula ndalama zoti sitingakwanitse.

Mvula ikangogwa, mafutawo alowa m'dambo momwe achulewa amaswana. Alipo anapemphapo chilolezo chotere ku Gauteng? Chimatenga nthawi yaitali bwanji, nanga amaloledwa kuwasamutsa ndani?