Kodi Mage Hand ingagwetse mtsuko wa mafuta?

Moni nonse a m'gulu muno. Ndimatsogolera masewera a nthano zongoyerekeza otchedwa Dungeons & Dragons, malamulo a 2014, ndipo ndasowa pogwira pa nkhani ya Mage Hand, timatsenga ta m'masewerawa topanga dzanja loyandama m'malere. Wosewera wina akufuna kugwiritsa ntchito timatsenga timeneti pogwetsa mtsuko wodzadza mafuta umene uli pamwamba pa khoma, kuti mafutawo akhuthukire adani.

Ndawerenga mu Player's Handbook, buku la malamulo a masewerawa. Dzanjalo limafika mafiti 30, limakhala mphindi imodzi ndipo limatha kukhuthula za m'kabotolo, koma silimenya, komanso silinyamula katundu wolemera kuposa mapaundi 10. Mtsukowo ndi wolemera kuposa pamenepo. Wosewerayo akuti kukankha si kunyamula. Takambirana kawiri konse osamvana, ndipo sindikufuna kumugwetsa mphwayi chifukwa ganizo lakelo landisangalatsa kwambiri.

Kodi inu mumalola zimenezi? Ngati mumalola, wosewerayo amayamba waponya d20 (dayisi ya mbali 20), kapena mtsukowo umangogwa basi?