Ndalama za ukalamba ndisunge kuno ku Harare kapena kumudzi?

Membala wobisa dzina:
Akuluakulu pagulu pano, ndigawireni nzeru. Ndili ndi zaka 46, ndimapala matabwa ku Glen View, bwana ndine ndemwe. Mukando wathu (chipereganyu cha kuno ku Zimbabwe) ukandigwera mu Disembala ndidzakhala ndi madola a ku America pafupifupi 2,500. Zaka zonsezi ndalama zotere zimathera fizi, koma chitsirizira wanga akumaliza Fomu 4 chaka chino, ndiye ndayamba kuganizira za mawa pamene manja adzakane kugwira sowo. Banki ndimaiopa. Malemu bambo anga anakalambira pa fakitale ina ku Southerton, koma penshoni yawo inasungunuka yonse mu 2008 ndalama ya dziko lino itatha mphamvu. Mu 2019 tinaonanso madola a m'akaunti akusanduka RTGS, ndalama ya kuno imene inafulumira kutha mphamvu. Mayi a kunyumba akuti timange kwathu ku Dedza, pamene ana anabadwira kuno ndipo za kumudzi safuna n'kumva komwe. Ndiyambire pati?

aNabanda a ku Mufakose:
Achimwene, mverani mayiwo, koma musatumize ndalama kuti zikagone mu akaunti kumudzi. Kwacha nayo anaigwetsa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kuno ndalama yatsopano ya ZiG inabwera mu Epulo 2024, pofika Seputembala anali ataigwetsa kale. Gulani malata, umbitsani njerwa. Simenti yokha musagule msanga, imauma.

aPhiri a ku Mabvuku:
Chemwali, pamenepo ndikutsutsaniko pang'ono. Nyumba ya kumudzi mugonamo, inde, koma mudzadya chiyani? Ukalamba umafuna chinthu choti mwezi ukatha chizikupatsa kangachepe iwe uli khale. Akulu, ngati n'kumanga, mangani tizipinda ta lendi pa Dedza boma pomwe pali anthu apantchito. Mukafuna poloti kuno, kaonetseni mapepala ku khonsolo musanapereke kobiri. Taziona nyumba zikugwetsedwa anthu atagula malo kwa mbava, zina zitafika kale padenga.

Mphunzitsi wopuma, Highfield:
Palibe watchula masheya, mwina chifukwa ambiri timayesa ndi za anthu olemera a ku Borrowdale. Sheya ndi kachigawo ka kampani. Kampani ikapindula, imagawako phindulo kwa eni masheya, ndipo mtengo wa sheyayo ukakwera mukhoza kuigulitsa. Msika wa Victoria Falls Stock Exchange unatsegulidwa mu 2020 ndipo malonda ake amachitika m'madola a ku America, zomwe zikuyankha mantha anu aja. Mumagula kudzera kwa stockbroker (wogulira ndi kugulitsira anthu masheya) wa chiphaso. Koma mitengo imatsikanso, nthawi zina chaka chathunthu, ndiye ikani ndalama zimene simuzifuna zaka zisanu zikubwerazi, m'makampani angapo. Kwa ine 2,500 ija si nkhani yaikulu. Madola 40 mwezi uliwonse mpaka mufike zaka 60 ndi 6,720, phindu tisanawerengere. Mungapirire? Wina akabwera ku inbox kuti akupatsani 20 peresenti pamwezi, mutsekereni pomwepo.

aNabanda a ku Mufakose:
Aphunzitsi, mapepala omwewo ndi amene analiza makolo athu. Ine chinthu ndichione ndi maso.

aMbewe a ku Dzivarasekwa:
Funso limodzi akulu: simunalembedwepo ntchito pakampani chiyambire 1994? Ngati ankakudulani za NSSA, bungwe la boma loona za penshoni, kafufuzeni nambala yanu. Amene anapereka miyezi 120 amalandira mwezi ndi mwezi akapuma pa zaka 60. Wopereka miyezi yochepera apo, bola yakwana 12, amapatsidwa kamodzi. Ndi zochepa, koma ndi zanu. Komanso siyani madola ena pafupi, poti moto umene umabuka pa msika wa mipando wa Area 8 ku Glen View mukuudziwa inu eni ake.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. aMbewe, ndinagwirapo zaka zingapo pakampani ina ya mipando, ndikafunsa sabata ino. Maganizo a aPhiri andigwira mtima, koma vuto ndi ili: lendi ya ku Dedza azitolera ndani ine ndili kuno? Alipo amene ali ndi nyumba ya lendi kumudzi, ndalama n'kumafikadi m'manja mwake popanda kudana ndi abale?