Tsiku la mpikisano wa mahatchi ku Greyville: ana athu akaswere kuti?

Mlembi wa gulu: Abale ndi alongo, a komiti andituma kuti ndibweretsenso nkhani imene tinaisiya pamsonkhano wapita uja. Loweruka loyamba la Julaye kudzakhalanso Durban July, mpikisano waukulu wa mahatchi, ku bwalo la Greyville kuno ku Durban ku South Africa, ndipo ife Amalawi okhala kufupi ndi bwaloli ku Berea ndi ku Morningside tikudziwa mmene misewu imathinanira kuyambira m'mawa mpaka pakati pa usiku. Ganizo lilipo lakuti titapeko ndalama m'thumba la gulu, tichite lendi holo ya tchalitchi kutali ndi bwaloli, kuti ana athu akaswere kumeneko moyang'aniridwa ndi amayi angapo.

Msungichuma: A mlembi, vutoli ndikulimva, koma ndalama zimene zili m'thumbamo tinasonkhera mjigo wa kumudzi ku Dedza, ndipo amfumu tinawauza kale kuti ntchito iyamba mvula isanagwe. Tikayamba kutapako pa zinthu za tsiku limodzi, tidzawayankha chiyani amayi amene akutungabe madzi kudambo?

Mayi a ku Avondale Road: Bambo msungichuma, mjigowo inenso ndinasonkhera, ndipo amayi anga ndi amodzi mwa otunga kudambo aja. Komabe ndiloleni ndifotokoze zimene ndinaona chaka chatha. Abwana anga anali ndi alendo obwera ku mpikisanowu, choncho ndinaweruka cha m'ma 11 koloko usiku. Pofika pakhomo ndinapeza galimoto yachilendo itatseka geti, mabotolo osweka ali mbwee m'mphepete mwa mpanda, ndipo mwana wanga wa zaka 7 ndinamupeza atakhala pansi kuseri kwa chitseko, magetsi atazimitsa, poopa anthu oledzera amene ankagogoda geti kufunsa chimbudzi. Ambiri mwa ife tsikuli ndi limene sitingapemphe tchuthi, chifukwa alonda, operekera zakudya ndi ogwira ntchito m'nyumba ndi pamene timafunika kwambiri. Ana amatsala okha.

Woimira achinyamata: Makolo anga, bwanji khamu lomwelo litilipirire holoyo? Anthu masauzande ambiri amadutsa wapansi kupita ku Florida Road, msewu wa malo odyera ndi omwera, mpikisano ukatha. Titakazinga mandasi ndi kuwotcha nyama pakona imodzi, ndalama ya lendi ikhoza kupezeka usiku womwewo.

Mkulu wa gulu: Mwana wanga, nzeruyo ndi yabwino, koma malonda a mumsewu kuno amafuna chiphaso cha eThekwini, khonsolo ya mzinda uno, ndipo tsiku limenelo apolisi a Metro amakhala paliponse. Katundu akhoza kulandidwa, ndiponso ena mwa achinyamata athu mapepala awo sanalongosoke, choncho sindingakonde kuti tiwaike pamaso pa apolisi chifukwa cha mandasi. Mpikisanowu unayamba mu 1897, agogo athu asanayambe n'komwe kubwera kuno, ndipo susuntha chifukwa cha madandaulo athu. Osuntha ndife.

Wapampando: Zikomo nonse. Ndikukumbutseni kuti chaka chilichonse timasonkha padera ndalama ya chikondwerero cha 6 Julaye, tsiku limene dziko lathu linalandira ufulu mu 1964, ndipo mu 2024 masiku awiriwa anagwera pa Loweruka limodzi. Ndikupempha kuti chikondwererocho tizichita tsiku la mahatchi lomwelo, m'holo imene a mlembi atchula, kuyambira m'mawa mpaka makolo ataweruka. Ndalama ya mjigo isakhudzidwe. Chotsala ndi minibasi yokatenga ana misewu isanatsekedwe, komanso amayi ndi abambo odzipereka kukhala nawo mpaka usiku.

Msungichuma: Ngati zili choncho, a wapampando, ine ndavomera. Ndingopempha kuti a mlembi akafunse ngati lendiyo ikuphatikiza khitchini, chifukwa nsima ya ana onsewo sitingainyamule kuchokera kunyumba.

Mayi a ku Avondale Road: Mapoto aakulu awiri ndili nawo, ndipo ndidzawapereka Lachisanu madzulo ndikaweruka.